Anatsogola Yekha ku Mutu Womaliza

Aliyense wa ku kalabu ya owerenga ankadziwa kuti Tsabola ndi Chikuto adzakwatirana, apo ayi adzaphana. Njira yachitatu panalibe.

Kalabuyo inkakumana Loweruka lililonse masana kuseri kwa shopu ya mabuku ya a Mashelefu, m'kachipinda kodzaza makatoni, ka mipando yosafanana ndi fani imodzi yomwe inkangopukusa mutu koma mphepo osatulutsa. Onse obwera kumeneko matenda awo anali amodzi: mabuku a nkhondo za mumlengalenga, aja a zombo zazikulu ngati mizinda zoyenda pakati pa nyenyezi, mafumu olimbirana mapulaneti, ndi maloboti a mtima wapachala. Anthu akuluakulu ndithu, ena imvi zili mbuu, kukangana mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka chifukwa cha pulaneti loti kulibeko. Musaseke abale. Enanu mumagona ndi njala chifukwa cha mpira woti simunaupondepo.

M'kalabumo munali magulu awiri. Loyamba linali la mlembi wina wamkazi amene owerenga anamupatsa dzina loti Mayi Wamaliro, chifukwa ukangomukonda munthu m'buku lake, dziwa kuti bokosi lake lakhomedwa kale. Lachiwiri linali la mlembi wachinyamata wotchedwa Mnyamata wa Mizinga, amene buku lake lililonse limayamba ndi kuphulika, kutha ndi kuphulika, pakatipo anthu akungothamanga m'makonde a chombo uku akukuwa.

Tsabola, mtsikana wamfupi wogwira ntchito m'sitolo ya mankhwala, ndiye anali mkulu wa asilikali a Mayi Wamaliro. Dzinalo sanamunamizire. Pa tsamba la pa intaneti pomwe owerenga ankakangana ndi mayina ongopeka, iye anathamangitsidwapo kalekale atauza munthu wina kuti maganizo akewo ngofunika kuwataya kunja kwa chombo pamodzi ndi mwini wake. Chikuto, mnyamata wamtali wokonza mafiriji, anali wa ku Mizinga. Dzina lake linachokera pa khalidwe lokutira buku lililonse lomwe lamugwera m'manja ndi pepala lakhaki, ngodya zake atazipinda mwaluso ngati mwana wa sukulu wofuna kuyamikiridwa. Likhale lake, likhale lobwereka, buku silinkagona kwake lili maliseche.

Tsiku lomwe anaonana koyamba, Chikuto ananena pagulu kuti Mayi Wamaliro amalemba ngati ali ndi m'bale wogulitsa mabokosi. Tsabola sanaphethire n'komwe. Anayankha kuti Mnyamata wa Mizinga amalemba ngati mwana amene watola machesi panjira, ndipo omuwerenga ndi anzake omuthandiza kutola zinyalala zoti ayatse. Chipinda chonse chinafa nalo phwete, Chikuto naye akuseka nawo, osadziwa kuti wagwera kale m'mbuna. Sabata yotsatira anabwereka buku loyamba la mayiyo kuti akalipezere zifukwa. Lachitatu analibweza maso ali psuu, n'kumati ndi chimfine.

Pomwe buku lomaliza la mndandanda wa Mayi Wamaliro linkatuluka, lonenepa ngati njerwa, awiriwa anali atayamba kale kugwirana manja pamsewu anthu akuona. Anagula limodzi lokha n'kupangana pangano. Madzulo aliwonse akaweruka ankakumana pa benchi lachitsulo la kuseri kwa laibulale, n'kuwerengerana mutu umodzi mokweza, lero uyu mawa uyo. Wina asatsogole, wina asasuzumire kumapeto, wina asafunse kwa amene amaliza. Buku linkagona kwa Tsabola, ndipo pomwe alekezera ankaikapo kariboni kofiira ka malemu mayi ake. Kwa anthu ena zimenezi n'zachibwana, koma kwa owerenga pangano lotere limalemera kuposa mphete.

Chotchinga chinali chimodzi, bambo ake a Tsabola. Bambowa anapuma pa ntchito yoyendetsa mabasi a maulendo ataliatali, ndipo ndiwo anaphunzitsa mwana wawo kukonda mabukuwa. Mkazi wawo ali chigonere m'chipatala miyezi yake yomaliza, ankakhala pambali pa bedi n'kumamuwerengera za zombo za Mayi Wamaliro mpaka anamwino kuwatulutsa. Munthu wotere mukanati mkamwini wowerenga amulandira ndi manja awiri. Ayi ndithu. Tsiku lomwe Tsabola anatchula kunyumba dzina loti Chikuto, bambowo anaika kapu pansi n'kunena kuti mnyamata wamapepalayo asadzaponde pakhomo pawo. Chifukwa sanatchule. Tsabola anachonderera, anakwiya, anasiya kuwaphikira tiyi wam'mawa, mpaka bambowo anagonja monyinyirika: abwere Lamulungu masana, amuone kamodzi.

Tsono zomwe ndikufuna kukuuzanizi zinayamba Loweruka, mawa lake lili Lamulungu lomwelo.

*

Tsiku limenelo kalabu inadzaza mpaka ena kukhala pa makatoni. Funso linali loti kodi alembi a masiku ano akukonza kapena akuononga. A Mashelefu anayamba ndi dandaulo lawo la nthawi zonse, loti kale buku la zombo unkalimaliza pa ulendo umodzi wa basi, koma lero mlembi amafuna mabuku odzaza shelefu kuti chombo chingonyamuka. Mphunzitsi wina anati vuto si kutalika ayi, vuto ndi misonkhano: munthu wagula buku kuti aone nkhondo, koma theka lonse nduna za mapulaneti zikungopatsana moni m'nyumba ya malamulo. Mayi wina wosoka zovala anati iye zomwe zimamunyansa ndi zolengedwa za ku nyenyezi zina zomwe zimangokhala anthu omwewa, kungowapaka utoto wobiriwira pachipumi. Ngati mlembi walephera kuganiza cholengedwa chachilendo, akalembe za apongozi ake.

Tsabola anaimirira, ngakhale kuimirira kwake sikunkasiyana kwenikweni ndi kukhala. Anati onsewo akuphonya. Zombo, mizinga ndi mapulaneti ndi mbale chabe, chakudya chake ndi anthu ali m'katimo. Anati Mayi Wamaliro amadziwa kuti munthu ngakhale athawire kuseri kwa nyenyezi zonse, amanyamulabe mawu a mayi ake m'mutu. Mnyamata wa Mizinga angaphulitse dzuwa lathunthu iwe osamva kanthu, koma mayi uja akangoswa kapu ya kaputeni, tsiku limenelo chakudya sichilowa.

Chikuto, amene kale akanamutsutsa mpaka fani kuima, ankangogwedeza mutu ngati wa m'kwaya. Anzake a ku Mizinga anamukuwiza kuti wagulitsa gulu chifukwa cha chikondi, iye n'kuvomera kuti inde, ndipo sakudandaula. A Mashelefu anati masiku ano mikangano yazizira. Anati amasowa anthu ngati Mlonda wa Mwezi, munthu wina wosadziwika amene kale ankalemba pa tsamba lija zinthu zogwira mtima zoikira kumbuyo Mayi Wamaliro, kenako n'kungozimiririka. Apa Chikuto anadziguguda pachifuwa. Anati ameneyo anamutseka pakamwa ndi iyeyo, ndi chiganizo chimodzi chokha, masiku omwe anali asanatembenuke mtima. Anthu anaseka, Tsabola anamutsina pamkono akuseka nawo, nkhani n'kupitirira.

Amene sanaseke anali Kafungo. Uyu anali mtsikana wa zikhadabo zazitali wogwira ntchito ku kampani ya mafoni, ndipo perefyumu yake inkalowa m'chipinda mwini wake akadali pamsewu. Mtsikanayu anali atamuika diso Chikuto kuyambira kale, moti firiji ya kwake inawonongekapo kangapo m'njira zomwe mafiriji sawonongekera. Buku lomaliza lija iye analimaliza sabata yomwe linatuluka.

A Mashelefu atakumbutsa lamulo lakuti wina asaulule mathero poti ambiri sanamalize, Kafungo anamwetulira n'kutsegula chikwama chake pang'onopang'ono.

"Ine sindiulula kanthu," anatero. "Tamaliza ndife awiri okha muno, ine ndi a Chikuto. Zikomo achimwene, mwalibweza litavala bwino."

Anaika bukulo patebulo. Linali lokutidwa ndi pepala lakhaki, ngodya zopindidwa mwaluso, ntchito ya manja omwe aliyense m'chipindamo ankawadziwa.

Fani inapukusa mutu kumanzere, inapukusa kumanja. Tsabola anayang'ana bukulo, kenako anayang'ana Chikuto. Mnyamatayo anabisa manja ake pansi pa tebulo. Akanakhala wochenjera akanabweza buku la eni lili momwe analitengera, koma manja ake sakanalola, ndipo manja omwewo ndi amene anamupereka. Tsabola anatola chikwama chake n'kutuluka osagunda mpando ngakhale umodzi.

*

Chikuto anamupeza Tsabola pa siteji ya basi, pafupi ndi mayi wogulitsa maambulera. Chikuto anayamba ndi kulumbira kuti pakati pa iye ndi Kafungo palibe chilichonse, anangobwereka buku basi, analilandirira pageti ndipo m'nyumba sanalowe.

Kalanga ine, mwamuna akasokonezeka amakazimitsa moto kwa aneba, kwake kukupsa. Tsabola za Kafungo analibe nazo ntchito. Ankadziwa kuti mtsikana uja ngakhale adzithire botolo lonse la perefyumu, Chikuto angangoyetsemula. Chomwe chinkamubaya mumtima chinali china.

"Tsiku lija chombo cha adani chinatulukira kuseri kwa mwezi," anatero, mawu ali pansipansi, "unandigwira mkono n'kunena kuti sunayembekezere. Unali ukudziwa?"

Chikuto anayang'ana nsapato zake.

"Nanga dzana, ine ndikunjenjemera kuti woyendetsa uja afa, iwe n'kumanjenjemera nane. Unali ukudziwa kuti apulumuka?"

"Ndinali ndikudziwa."

"Ndiye kuti pa benchi paja ndinali ndekha. Iwe unkangondionerera ngati kanema."

Chikuto anamupempha kuti amulole afotokoze, koma basi inali itaima kale. Tsabola anakwera, ndipo ali pakhomo pa basiyo anatembenuka.

"Mawa musavutike kusita malaya," anatero. "Kwathu sikubwera mlendo."

Wokondedwa wako akayamba kukupatsa ulemu wotere pa siteji ya basi, dziwa kuti madzi afika m'khosi.

*

Kunyumba anapeza bambo ake ali pakhonde akupukuta magalasi. Anangomuyang'ana kamodzi n'kudziwa kuti kwavuta. Anafunsa ngati ndi wamapepala uja, Tsabola n'kuvomera ndi mutu, ndipo atamva zomwe zachitika sanadabwe n'komwe. Anati munthu wolephera kudikira mnzake pa buku sangadzamudikire pa china chilichonse, ndipo ndi bwino kuti zaoneka msanga. Ananena modekha, koma m'mawu mwawo munali kachisangalalo komwe Tsabola sanakakonde. Mtima wa munthu ndi wovuta, abale. Iye mwini anali atamutukwana Chikuto chamumtima njira yonse ya basi, koma kumva wina akumunena kunamuwawa ngati amuponda chala.

Ali kuchipinda, mauthenga anayamba kugwa pa foni. Woyamba unali wa Chikuto, wopepesa. Wachiwiri unali wopepesanso, koma wautali. Wachitatu unali wa Kafungo, woti pepani asisi, sindimadziwa kuti ndi chinsinsi, koma amuna ndi choncho, mukafuna wocheza naye ndilipo. Tsabola anauwerenga kawiri, n'kuyankha kuti zikomo asisi, firiji yanu ikadzawonongekanso mudzayese kuilumikiza ku magetsi. Atatumiza anamvako bwino pang'ono.

Womaliza unali wa Chikuto, waufupi: "Sindikupempha kuti undikhululukire pa foni. Mawa m'mawa ndikhala pa benchi. Ukabwera ndikuuza chifukwa chake, ukapanda kubwera ndikhalabe pompo."

Tsabola anaika foni pambali. Buku linali pa katebulo ka pambali pa bedi, kariboni kofiira kakulendewera. Panatsala mitu itatu yokha. Akanatha kulitsegula n'kumaliza yekha kuti abwezere, ndipo dzanja lake linafikadi pomwepo. Koma analibweza. Iye sanali munthu wophwanya pangano, ngakhale pangano loti mnzake waliphwanya kale.

*

Anapita. Anadziuza kuti akungopita kukamva bodza lomwe mnyamatayo wakonza, koma anavala diresi lomwe Chikuto ankalikonda, ndipo buku analiika m'chikwama.

Anamupeza atakhala kumapeto kwa benchi, malaya ositasita ngakhale anauzidwa kuti asavutike. Tsabola anakhala kumapeto enawo, pakati pawo malo okwana banja lonse, n'kumuuza kuti ayankhule msanga dzuwa lisanatenthe.

Chikuto sanazungulire. Anati buku litangotuluka, wina analemba pa tsamba lija kuti amene anadwazikapo kholo m'chipatala alowe m'bukuli mosamala. Sanatchule zambiri, koma Chikuto anazindikira kuti akunena za mayi ake a kaputeni, mayi wamakani uja amene Tsabola ankati amayankhula ngati malemu mayi ake. Mtima wake sunakhazikikenso. Ankangoona Tsabola akuwerenga mokweza, osadziwa kanthu, n'kugwera m'mutu woterowo mawu ali pakamwa. Ndiye anabwereka buku kwa munthu yekhayo amene anali atamaliza, n'kuliwerenga lonse kuti adziwe pomwe pali dzenje. Analipeza. Unali mutu wotsatira pomwe panali kariboni tsopano, wochitikira m'chombo cha odwala, ndipo mlembiyo sanasiye kanthu, mpaka fungo la mankhwala ndi kulira kwa makina.

"Chifuwa chija ndinadwala sabata yatha, n'kukupempha kuti uwerenge kawiri motsatizana, sichinali chifuwa," anatero. "Ndinkasintha mzere kuti mutu umenewu udzagwere ine. Ndinkafuna iwe udzangomvetsera, ukafuna kulira ulire, osalimbana ndi zilembo."

Tsabola anakumbukira kuti chifuwa chabodzacho anachibweretsera mankhwala a kuntchito kwake, ndipo munthuyo anamwadi pamaso pake, nkhope atachita tsinya. Anafuna kuseka, anafuna kulira, anafunanso kumumenya ndi bukulo, lomwe kulemera kwake likanamugoneka pansi.

"Ndiwe chitsiru," anatero pomaliza. "Chitsiru cha mtima wabwino, koma chitsirube. Ine m'chipatala ndinakhalamo, fungo limenelo ndikulidziwa kuposa mlembiyo. Sindinkafuna wonditsogolera ndi tochi. Ndinkafuna munthu woti tikagwa m'dzenje tigwere limodzi."

Chikuto anavomera kuti analakwa, ndipo anati akanatha kufufuta m'mutu mwake zomwe anawerengazo akanafufuta. Tsabola anati zimenezo sizitheka, koma chilango chilipo. Mndandanda wotsatira adzasankha ndi iyeyo, ndipo Chikuto akadzangosuzumira tsamba limodzi, adzakwatire Kafungo ndi firiji yake yomwe. Komanso poti mutu uja waukonzekera chonchi, auwerenge lero lomwe, pompano.

Onse anasendera pakati pa benchi. Chikuto anatsegula pa kariboni n'kuyamba ndi mawu amphamvu, a munthu wodziwa njira. Masamba oyamba anayenda bwinobwino. Atafika pomwe mayi wodwalayo akupempha kaputeni kuti atsegule zenera la chombo aone komaliza nyenyezi ya kwawo, mawu anayamba kugwedera. Pomwe kaputeni akuloza nyenyezi ina iliyonse n'kunamiza mayi ake kuti ndi imeneyo, chonsecho ya kwawo anaisiya kutali zaka zambiri zapitazo, mnyamata wa tochi uja anagwera m'dzenje lomwe analiyeza yekha. Analira misozi ili chuchuchu, wokonza mafiriji wamkulu ndithu, mpaka bambo wina wodutsa ndi galu anaima n'kufunsa ngati kwagwa zovuta. Tsabola analanda bukulo n'kumaliza mutuwo yekha, misozi ikutsika koma mawu osagwedera, dzanja lina atagwira la Chikuto.

Atatseka, Tsabola anati Mayi Wamalirotu ndi mfiti, ndipo palibe mlembi wina wamoyo amene angamufike. Chikuto anangoti ameni.

"Pukuta mphuno," anatero Tsabola. "Tikupita kwa bambo."

*

Njira yonse Chikuto ankayenda ngati munthu amene wapulumuka pangozi. Anati ngati wakhululukidwa ndi Tsabola, za bambo ake ndi nkhani yaing'ono. Anakonzeratu zokamba: ayamba ndi za mabasi, kenako alowa za mabuku, ndipo dzuwa lisanalowe mkuluyo adzakhala akumutchula kuti mwana wanga. Tsabola naye sankakayika. Ankadziwa kuti anthu awiri olira pa buku limodzi sangadane nthawi yaitali.

Bambowo anatsegula okha chitseko. Ataona mwana wawo atagwirana dzanja ndi munthu amene dzulo lomweli anamuliza, nsidze zinakwera. Anamulozera mlendo mpando woyang'anizana ndi shelefu. Pa shelefupo panali mabuku onse a Mayi Wamaliro, misana yake itasweka ndi kuwerengedwa, ndipo pamwamba pake panali chithunzi cha mayi akumwetulira, maso ake enieni a Tsabola.

Za mabasi zinatha msanga, poti mkuluyo ankayankha mawu amodziamodzi. Tsabola anabweretsa tiyi n'kukhala pambali pa Chikuto, buku lili pamiyendo. Kenako bambowo anavula magalasi n'kufunsa mlendo kuti mabuku ali pa shelefuwo amawaona bwanji.

Apa Chikuto anamasuka. Anati mayi ameneyu alibe mnzake, ena amalemba zombo koma iye amalemba anthu. Anati m'mawa womwewu walira pagulu ngati mwana ndipo sakuchita nazo manyazi. Anayankhula bwino ndithu, mpaka Tsabola kumuyang'ana monyadira.

Bambowo anadikira kuti amalize.

"Ndiye mwasintha," anatero. "Poti ine ndikukumbukira mawu ena. 'Olira ndi mabuku a Mayi Wamaliro ndi anthu amene sanaonepo maliro enieni.' Mukuwadziwa mawu amenewa?"

Chikuto anabweza kapu pa kambale kake. Ankawadziwa. Chinali chiganizo chija, chimodzi chokha, chomwe dzulo lomweli anadziguguda nacho pachifuwa.

"Mwana wangayu amaganiza kuti foni yanga ndi younikira pansi pa bedi basi," mkuluyo anapitiriza, osakweza mawu. "Koma m'chipatala muja, mayi ake akagona, ndinkalemba pa tsamba lija kuti ndisapenge. Mlonda wa Mwezi ndine. Titawaika m'manda ndinabwera m'nyumba muno, ndinatsegula buku pomwe tinalekezera, ndinalephera kupitiriza. Ndinalemba kuti lero bukuli landiliza. Zina sindinanene. Inu, ndi dzina lanu lomweli la Chikuto, munandiyankha mofulumira, ndipo anthu anaseka nanu kwambiri."

Chikuto anati sankadziwa. Bambowo anati n'zoona, sankadziwa, komanso sanafunse. Anati miyezi yonseyi nkhaniyi anaisunga kumtima kuti mwana wawo asamve kuwawa kawiri, akuyembekeza kuti chibwenzicho chitha chokha. Koma poti wamubweretsa munthuyo mpaka pansi pa chithunzi cha mayi ake, ndi bwino amve.

Tsabola anawayang'ana bambo ake kamodzi, ndipo iwo ndi amene anagwetsa maso. Amuna awiri a m'moyo wake, aliyense anali atamubisira tsamba lake kuti amuteteze, ndipo palibe anamufunsa. Kenako anatembenukira kwa Chikuto nkhope ili phee, zomwe zinali zoopsa kuposa ukali wake wonse.

"Dzulo ndinakutsina pamkono, ndikuseka nawo," anatero. "Ndinkaseka bambo anga?"

Dzanja lomwe linamugwira Chikuto pa benchi linachoka pa lake pang'onopang'ono. Tsabola anatsegula buku lija, anasolola kariboni kofiira ka mayi ake n'kukafumbata. Kenako analitseka popanda choikapo, mitu iwiri isanawerengedwe, n'kuliika pamiyendo pa Chikuto.

"Tengani," anatero. "Inu munamaliza kale."